Mphuno Yanga Inatsala Kuchipatala

Lonjezo, Esnati, ndi iwe Tadala, ndayamba kulemba izi chifukwa kukhala pansi kukundikanika. Mayi anu akuti ndikungozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, ndiye andigulira kope kuti mwina manja akatanganidwa miyendo ipumako. Za ubwana wanga mukafunse azakhali anu ku Changata, amazidziwa kuposa ine ndipo amazithira mchere. Ine ndiyambira pa ntchito, chifukwa ndi imene inakulerani, komanso simunamve bwinobwino mmene ndinaisiyira. Inu mumangodziwa kuti adadi anadwala, anachira, kenako anapuma pantchito. Zakuchirazo si zoona kwenikweni.

1981

Ndinalembedwa ntchito mu fakitale ya tiyi ndili ndi zaka 19. Ntchito yanga yoyamba inali yoyala masamba m'matrafu, mmene masamba ochokera kumunda amafotera mphepo ya mafani ikuwomba pansi pake. Inali ntchito ya msana, yosafuna mutu. Amene anandichotsa kumeneko ndi a Khoromana, mkulu wina wamfupi, wosakonda kuseka, amene anali timeka wa fakitaleyo. Timeka ndi munthu amene amalamula kuti tiyi wapsa kapena ayi. Masamba akadulidwa ndi makina amasiyidwa kuti afiire, ndipo pali kamphindi kena kamene amayenera kulowa mu dulaya kuti aume. Ukafulumira, tiyi amakhala wowawa, wopanda mtundu. Ukachedwa, amakhala ngati madzi otsukira mbale. Wotchi imathandiza ndithu, koma tsiku la chiperoni ndi tsiku la dzuwa masamba safiira mofanana. Chimene chimadziwa kamphindi kameneko ndi mphuno.

Tsiku lina ndikudutsa ndi thumba paphewa, a Khoromana anandikodola. "Iwe wa ku Changata, tabwera kuno." Anatapa masamba odula m'dzanja n'kundiyandikiza kumaso. "Ukumva chiyani?"

"Masamba, bwana."

"Masamba ndi mbuzi yomwe imawamva. Nunkhizanso."

Ndinatseka maso, ndikuganiza kuti ndalakwa penapake. "Akumveka ngati nthochi yoti ipsa mawa," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabweza masamba aja. "Mawa usapite kumatrafu. Uzinditsata ine." Ndinawatsatadi zaka khumi ndi chimodzi. Sanandiyamikirepo ndi pakamwa. Ndikalondola ankangochokapo, ndikaphonya ankandimwetsa kapu yonse ya tiyi wolakwikayo, wozizira, anthu akuonerera.

1992 mpaka 2020

A Khoromana atapuma, mpando wawo unagwera ine. Patapita zaka zinayi anandisamutsira ku fakitale ina ya kampani yomweyo, kufupi ndi malire a Mulanje, kumene unabadwira iwe Esnati, kenako anandibwezeranso ku fakitale yoyamba ija. Mabwana ndinawaona ambiri. Panali mzungu wina amene ankakalipa asanalowe n'komwe pakhomo, koma lilime lake linali loona, ndipo ndinaphunzira zambiri kwa iye. Panalinso wina waulemu kwambiri, wopereka moni kwa aliyense, amene sankatha kusiyanitsa tiyi ndi madzi a makungwa. Womaliza anali a Gondwe, munthu wa kumpoto, wophunzira bwino, wachilungamo koma wothamanga magazi.

Mavuto sankatha. Chaka chimene dizilo anasowa m'dziko muno, mathirakitala ankafika ndi masamba dzuwa litapendeka, atatentha kale m'matumba. Magetsi akazima ndiye kunali kuthamanga, chifukwa masamba odula sadikira kuti jenereta ilire. Nthawi zina nkhuni za bulugamu zinkabwera zaziwisi, moto n'kumangolira utsi. M'masiku oterowo ndinkadalira anthu awiri. Woyamba anali a Sitolo, amene ankasonkha moto wa dulaya, munthu wosalankhula zambiri, amene akapsa mtima ankatembenukira ku Chilomwe. Wachiwiri anali mayi Nakhumwa. Iwowa ndinawapeza kuchipinda chosefera tiyi, ndipo nditaona kuti mphuno yawo ndi yakuthwa, ndinawatenga kukhala wachiwiri wanga. Amuna ena anang'ung'udza kuti mzimayi sangalamule fakitale. Ndinawauza kuti abweretse mphuno zawo tiyerekeze, ndipo nkhani inathera pomwepo. Sindikudzitama, koma ogula a ku Limbe ankadziwa tiyi wa ine Mulipa asanaone chizindikiro pathumba.

Januwale 2021

Matenda a Covid anandigwira pakati pa sizoni, fakitale ikugwira ntchito osapuma. Ndinayamba ndi kuphwanya m'thupi, ndinkati ndi malungo. Tsiku lachinayi ndinalephera kukwera masitepe opita kumatrafu, ndinakhala pansi pakatikati, ndipo a Sitolo ndi amene anandinyamula kukandiika m'galimoto. Za kuchipatala cha pa Boma ndimakumbukira zochepa: chipaipi cha mpweya pamphuno, anamwino ovala ngati opopera mankhwala m'munda, ndi bambo wina wa bedi loyandikana nalo amene ankandifunsa za mvula m'mawa uliwonse, mpaka m'mawa wina bedi lake linali loyalula. Anthu aja anandisamalira, ndipo ndili moyo chifukwa cha iwo. Patatha masabata atatu adokotala anati kachilombo kachoka, ndizipita kwathu. Munandiimbira foni nonse atatu mukulira ndi chimwemwe. Kutchalitchi anaimba nyimbo yothokoza.

Ndinazindikira tsiku lachiwiri ndili kunyumba. Ndinakhala pakhonde, njala itandigwira, ndipo ndinafunsa kuti, "Mayi a Lonjezo, lero simuphika kodi?" Anandiyang'ana modabwa. Mbaula inali pambali panga penipeni, anyezi akukazingika mu poto. Ndinaweramira potoyo mpaka nthunzi inandiwotcha kumaso. Palibe chimene ndinamva. Ndinalowa m'nyumba, ndinanunkhiza sopo, parafini, polishi wa nsapato. Zonse zinali ngati ndikununkhiza mwala. Ndinadziuza kuti ndi chimfine chotsalira, ndipo sindinauze munthu.

Panali zinanso. Phuma linkandigwira ndikangoyenda kuchoka pakhomo kufika pamsewu. Kusamba kokha kunkanditopetsa ngati ndalima mizere makumi awiri. Mawu ena ankandithawa pakamwa, ndinkatha kuyang'ana supuni osakumbuka dzina lake. Kenako, patatha mwezi, fungo linabwera, koma lolakwika. Nyama, mazira, sopo, zonse zinayamba kununkha ngati tayala lopsa. Tiyi amene ndinamupanga zaka makumi anayi ankanunkha ngati ngalande ya kumsika.

Malichi mpaka Meyi 2021

Ndinabwerera kuntchito. Anthu anandilandira ndi m'manja, a Gondwe anati fakitale inali yamasiye. Ine ndinayamba ntchito yatsopano imene sindinalembedwe, ntchito yobisa. Ndinkadalira wotchi ndi mtundu wa masamba. Ndinkatapa m'dzanja, kutseka maso, kukoka mpweya monga kale, koma diso lina lili pankhope ya mayi Nakhumwa. Akagwedeza mutu, ine n'kulamula kuti alowe mu dulaya. Patebulo lolawira, pamene timandandalika makapu oyera, ndinkapsontha ndi kulavula, kenako n'kunena kuti, "Mayi, tayambani ndinu, ndione ngati mwaphunzira." Pokwera masitepe ndinkaima pakati n'kumayerekeza kuti ndikuyang'ana malamba a makina. Kunja ndinkaoneka munthu wochira, ndinali nditayambanso kunenepa. Chikomekome cha mkuyu.

Mu Epulo mayi Nakhumwa anapita kumaliro a mchemwali wawo, anakhalako masiku atatu. Tsiku loyamba lomwelo a Sitolo anabwera kwa ine atanyamula tiyi wouma pachikhatho. "Bwana, tanunkhizani uyu. Ine ndikumva ngati kautsi. Mwina paipi ya moto yang'ambika."

Ndinanunkhiza. Ndinamva tayala lopsa lomwe lija, limene ndinkalimva pa chilichonse. Kuimitsa dulaya pakati pa tsiku, masamba atadzaza matrafu, si nkhani yamasewera, ndipo a Gondwe akanafuna kuti ndiwafotokozere chimene ndamva. Ndinaopa. "Alibe vuto uyu," ndinatero. "Utsi uli m'malaya mwanumo, a Sitolo. Pitirizani."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anati, "Ngati mwatero inuyo, ndiye basi." Anabwerera kumoto.

Paipi inali itang'ambikadi. Tiyi wa masiku atatu analowa utsi, ndipo ine ndinamuvomereza yense. Mayi Nakhumwa atabwera anamva fungolo ali pakhomo, dulaya inaimitsidwa, koma zitsanzo zinali zitapita kale ku Limbe. Ogula anazibweza. Lachisanu a Gondwe anatiitana mu ofesi, nkhope itachita mdima. Anati wosonkha moto ndi amene amayenera kuona paipi, ndipo a Sitolo sananene kanthu kwa aliyense. A Sitolo anali ataima pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja. Anakweza maso n'kundiyang'ana. Ndinayang'ana pawindo. Iwo sanandiulule.

"A Sitolo, kalata yanu yokuchotsani ntchito mudzaipeza Lolemba," anatero a Gondwe.

Loweruka lonse ndinalephera kukhala malo amodzi. Ndinasesa pabwalo posesa kale, ndinakonza mpando wosathyoka. Ndinkadziuza kuti mphuno ibwerera mwezi wamawa, kuti ndatsala ndi zaka zochepa kuti ndipume mwaulemu, kuti tikukhala m'nyumba ya kampani pamene yathu ya ku Chimaliro ilibe ndi mawindo omwe, kuti iwe Tadala unali usanamalize kukoleji. Ndinkadziuzanso kuti a Sitolo akadali ndi mphamvu, apeza pena. Zifukwa ndinali nazo zambiri, ndipo zonse zinali zoona. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, mayi anu anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuwefuka, nditatsamira mtengo wa mapeyala.

"Bambo a Lonjezo, mudzandiuza liti?"

"Za chiyani?"

"Za mphunoyo. Mwezi watha ndinapsereza nyemba dala, fungo mpaka kwa aneba. Inu munadya n'kupempha zina. Munthu amene kale munkadziwa muli kumsewu kuti ndathira mafuta a dzulo."

Ndinawauza zonse, ndi za a Sitolo zomwe. Ndinkayembekeza kuti alira za nyumba. Koma iwo anapinda ndi kufunyulula mpango wawo wa kutchalitchi, kenako anati, "Mawindo tikhoma malata. Koma munthu uja anakunyamulani pamasitepe. Mukamusiya achotsedwe, mudzadya bwanji pamaso panga?"

Lolemba ndinafika ku ofesi a Gondwe asanakhale pampando. Ndinati, "Bwana, musanasaine kalata ija, tumani munthu akonze makapu atatu. Imodzi athiremo tiyi wa utsi uja, ine ndisaone." Anadabwa, koma anachita. Mayi Nakhumwa ndi amene anakonza. Ndinalawa yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ndinabwerezanso.

"Ndi iti?" anafunsa a Gondwe.

"Sindikudziwa, bwana. Chichokereni kuchipatala sindimva fungo. A Sitolo anabwera kwa ine tsiku loyamba, ananena za utsi, anatchula ndi paipi yomwe. Ine ndinawabweza."

A Gondwe anaimirira, anamenya tebulo, makapu analira. Ananena mawu ambiri a Chingerezi amene sindiwalemba muno. Anati ndaika pachiswe dzina la fakitale ndi ntchito za anthu onse, ndipo sankanama. Kenako anakhala pansi, anavula magalasi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "A Mulipa, bwanji simunandiuze? Tikanapeza njira."

"Ndinkaopa kuti mukadziwa, zikhala zoona."

Anang'amba kalata ya a Sitolo ine ndikuona. Ine anati andipatse ntchito ya kusitolo ya zipangizo mpaka nthawi yanga yopuma ikwane. Ndinayesa masabata awiri. Koma kusitoloko kunali fumbi limene linkanditseka pachifuwa, ndipo pawindo pake ndinkaona masamba akulowa mu dulaya popanda wondifunsa. Ndinapempha kuti ndipume pa zifukwa za matenda, ndipo ndinawauza kuti timeka ali naye kale, mayi Nakhumwa. Tsiku lotsanzikana mayi Nakhumwa anandiperekeza mpaka pageti. "Ine ndinkadziwa, bambo," anatero. "Ndinkaona mukuyang'ana nkhope yanga musanayankhe. Ndinkagwedeza mutu mokweza dala. Mwina ndinalakwa, ndikanalankhula." Ndinawauza kuti wolakwa analipo mmodzi yekha. A Sitolo ndinawapepesa pamaso pa anzawo onse a kumoto. Anayankha m'Chilomwe, mawu ochepa, ndipo sanandigwire dzanja. Sindinawadandaule.

2022 ndi 2023

Kuno ku Chimaliro ndinaphunzira kuti kutuluka m'chipatala ndi kuchira ndi zinthu ziwiri. Kuchoka pano kufika kutchalitchi pali kamtunda kamene mayi anu amakwera atasenza ndowa. Ine ndimapuma katatu, ndipo malo ake ndimawadziwa: pa mwala, pa chitsa cha bulugamu, ndi pa mpanda wa sukulu. Anthu akandipeza nditakhala amati, "Koma ndiye mwachira, a Mulipa, thupi labwerera!" Ndimangoti tithokoze Mulungu, chifukwa mpweya wofotokozera ndilibe. Ndikagwira khasu kwa mphindi khumi, mawa lake ndimagona tsiku lonse. Pali masiku abwino amene ndimadzuka wamphamvu n'kuganiza kuti zatha, ndiye ndimagwira ntchito zonse nthawi imodzi, kenako thupi limandilanga sabata yathunthu. Mpaka lero sindinaphunzire kudziletsa.

Kuchipatala ndimapitabe. Anandipatsa kamankhwala kopopera m'kamwa phuma likandigwira, ndipo anandilangiza kuti m'mawa uliwonse ndizinunkhiza mandimu, jinja ndi masamba a bulugamu, kuti mwina mphuno ikumbukire. Adokotala wina wachinyamata anandiuza mosabisa kuti ena fungo limabwerera, ena pang'ono chabe, ena ayi, ndipo iye sangadziwe kuti ine ndili gulu liti. Ndinamukonda chifukwa cha mawu amenewo. Tayala lopsa lija linachepa. Nthawi zina ndimu limamveka patalipatali, ngati munthu woitana kutsidya kwa mtsinje. Ndimathamangira kukhitchini, kufwenkha chilichonse, koma pofika masana zonse zazimanso. Masiku amenewo ndi amene ndimavuta kwambiri. Ndinawakalipirapo mayi anu chifukwa cha kalongonda amene ndinati alibe kukoma, pamene wopanda kukoma ndinali ine. Esnati, unalipo tsiku limenelo, ndipo unachoka usanadye. Pepa mwanawe.

Chimene chimandisautsa kuposa phuma ndi kusowa pokhazika mtima. Nthawi imene fakitale imayamba kudula masamba, miyendo yanga imadziwa, ndipo ndimapezeka ndavala nsapato popanda kopita.

Febuluwale 2024

M'mawa wina mayi anu ali kumunda, ndinavala jekete n'kukwera minibasi osauza munthu. Ndinatsikira pamphambano ya ku esiteti ndi kuyamba kuyenda. Mtunda umene kale ndinkauyenda ndikuimba mluzu unanditengera pafupifupi maola awiri. Otchola tiyi anali m'minda ndi madengu awo kumsana, ena anandizindikira n'kundikwezera dzanja. Pageti ndinapeza mlonda watsopano.

"Mukufuna ndani, agogo?"

Sindinkafuna munthu. Ndinkafuna kuima pamene mphepo ya dulaya imatulukira, pamene kale fungo linkakumenya ngati khoma, kuti ndione ngati pamenepo pokha mphuno ingadzuke. Mlonda anati popanda chilolezo sindingalowe, ndipo anali kukhoza. Ndinaima kunja kwa waya, ndinakoka mpweya ndi mphamvu zanga zonse, kawiri, katatu. Sindinamve kanthu, koma chifuwa chinatsekeka, maso anachita mdima, ndipo kamankhwala kaja ndinali nditakaiwala patebulo kunyumba.

Nditatsegula maso ndinali nditakhala pa kalavati, munthu wina akundikupiza ndi chipewa. Anali a Sitolo, imvi zitawachuluka. Mlonda anali atathamangira mkati kukaitana aliyense wachikulire amene angandidziwe.

"Bwana, kawiri konse ndizikunyamulani ine?" anatero.

Ndinafuna kuseka koma mpweya ndinalibe. Anatuma munthu kukiliniki ya pa esiteti, anandipopera mankhwala, kenako anaitana njinga yamoto. Pondikweza anandigwira dzanja, ndipo sanalisiye msanga. "Tsiku lina mubwere bwinobwino, mudzadye kwathu," anatero. "Koma osabwera nokha."

Kunyumba ndinapeza mayi anu atazungulira mudzi wonse, mpaka kumtsinje anakafikako. Ndinakonzeka kukalipiridwa. Anandithandiza kuvula nsapato, anandipatsa madzi, kenako anakhala pamkeka n'kufunsa kuti, "Ndiye mwamva chiyani kumeneko?"

"Palibe."

"Ulendo wina mukafuna kupita muzinena. Tipita tonse, ine ndizikakununkhizirani."

Ndinayesa nthabwala. Koma patatha masabata atatu anandidzutsa okha, ataika kamankhwala kaja m'chikwama chawo, ndipo tinapita. Ulendo uno tinakwera njinga yamoto kuchokera pamphambano. Mayi Nakhumwa anatilandira, anatilowetsa mpaka pafupi ndi dulaya. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito kumeneko, mayi anu anali asanapondemo mu fakitale. Anaima pakati pa phokoso lija atagwira chikwama ndi manja awiri, anatseka maso monga ndinawauzira, n'kukoka mpweya. Anakhala choncho nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kutekeseka.

"Tanenani," ndinakuwa m'khutu mwawo. "Mukumva chiyani?"

Anatsegula maso, ndipo munali misozi. "Malaya anu," anatero. "Ndi fungo la malaya anu, amene ndinkachapa masiku onse aja. Ine ndinkayesa kuti ndi fungo lanu."

Tinadya kwa a Sitolo masana amenewo, ndipo tinabwerera dzuwa likadalipo. Mphuno sinabwerere, ana anga, ndipo kamtunda ka kutchalitchi ndimapumabe katatu. Mukandiimbira foni musamandifunse ngati ndachira. Muzindifunsa kuti lero ndafika pati.